Kodi Wonyamulidwa Walandiridwa?

Pambali pa maiwe osambiramo a m'mahotela ambiri a ku America pamakhala mpando umodzi wolumikizidwa ku mzati wachitsulo. Munthu amene miyendo yake sigwira ntchito amafika pa njinga yake ya olumala, n'kusamukira pa mpandowo, n'kudina batani. Mpando umanyamuka pang'ono, umatembenukira kumadzi, kenako umatsika mwapang'onopang'ono kufikira madzi atamufika pafupi ndi chifuwa. Akamaliza kusambira amabwerera pa mpando womwewo, n'kudinanso batani, ndipo umamubwezera kumtunda. Chipangizochi n'chosavuta kuchimvetsa. Chili ndi batire, kainjini kakang'ono ndi mkono wachitsulo, ndipo zina zimayendera mphamvu ya madzi a m'paipi. Komabe m'chaka cha 2012 mpando umenewu unautsa mkangano umene unafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Pansi pa mkanganowo panali funso limene likutikhudza ifenso okhala m'mbali mwa nyanja, ngakhale ambiri a ife sitinalowepo m'dziwe la hotela. Munthu akamalowa pamalo pokhapokha ena atamunyamula, kodi tinganene kuti pamalopo walandiridwa?

Kuti timvetse mkanganowo tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Pa 12 Marichi 1990 khamu la anthu aulumali linasonkhana mumzinda wa Washington kudzakakamiza aphungu kuti avomereze lamulo loteteza ufulu wawo. Atafika pa masitepe a nyumba ya malamulo, ena mwa iwo anasiya njinga ndi ndodo zawo pansi n'kuyamba kukwawa kukwera masitepewo. Pakati pawo panali mtsikana wa zaka 8, Jennifer Keelan. Amene anaona zithunzi za tsikulo anamvetsa popanda wowafotokozera kuti masitepewo ankaimira dziko lomangidwa ngati kuti anthu ena kulibe. Pa 26 Julayi chaka chomwecho Pulezidenti George H. W. Bush anasayinira lamulo lotchedwa Americans with Disabilities Act. Lamuloli linaletsa kusala anthu aulumali pa ntchito, m'maofesi a boma, pa maulendo, ndiponso m'malo a malonda amene amatumikira anthu, monga masitolo, malo odyera ndi mahotela.

Zitseko zinakulitsidwa ndipo njira zotsetsereka zinamangidwa pambali pa masitepe, koma panapita zaka 20 malamulo asananene momveka za njira yolowera m'dziwe losambiramo. Mu Sepitembala 2010 Unduna wa Zachilungamo wa dzikolo unakhazikitsa miyezo yatsopano. Dziwe limene khoma lake lozungulira limakwana mamita 91 liyenera kukhala ndi njira ziwiri zolowera munthu wovutika mayendedwe, ndipo laling'ono likhale ndi imodzi. Njira yoyamba iyenera kukhala mpando wamakina uja, apo ayi chitsetse cholowa m'madzi pang'onopang'ono ngati gombe. Mpandowo uyenera kutha kunyamula munthu wolemera makilogalamu 136, ukhale ndi popondera mapazi, ndipo uzimira m'madzi masentimita osachepera 45. Pa miyezo yonseyi umodzi ndi umene nkhani yathu yagonapo, wakuti wokwerayo azitha kuyendetsa mpandowo yekha popanda womuthandiza, ali kumtunda ngakhalenso ali m'madzi. Olemba miyezoyo anaganizira za munthu amene watsika m'madzi, wina n'kubwera pambuyo pake kudzakweza mpando. Ngati sangathe kuuitana yekha, ndiye kuti akhala m'madzimo kudikira wodutsa.

Tsiku loti miyezoyi iyambe kugwira ntchito linali 15 Marichi 2012. Kumapeto kwa Januwale chaka chimenecho undunawo unafotokoza kuti mahotela ndi malo ena a malonda ayenera kuika mpando womangirira pansi, wokhala pamalo pake nthawi yonse imene dziwe lili lotsegula, ngati kutero n'kotheka popanda vuto lalikulu kapena ndalama zochuluka. Eni mahotela ambiri, kudzera m'bungwe lawo la American Hotel & Lodging Association, anatsutsa. Iwo ankafuna kuloledwa kugula mpando wamatayala, wosungidwa m'chipinda cha katundu, woti uzitulutsidwa mlendo akaupempha. Aphungu ena anawaikira kumbuyo, ndipo boma linasuntha tsikulo kufika pa 21 Meyi 2012, kenako pa 31 Januwale 2013. Mabungwe ena a anthu aulumali nawo anapempha anthu kuti anyanyale mahotela amene ankalimbana ndi miyezoyo. Pamapeto pake mfundo ya mpando wokhazikika inakhalabe, ngakhale amene anali atagula kale mipando yamatayala analoledwa kuigwiritsa ntchito malinga ikhale pambali pa dziwe, yokonzeka, nthawi yonse imene anthu akusambira.

Poyang'ana mwachangu, kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kochepa. Onse ankavomereza kuti mlendo wolumala alowe m'madzi, ndipo mpando wa m'chipinda cha katundu umatsitsa munthu m'madzi omwewo amene mpando wa pambali pa dziwe umamutsitsamo. Chosiyana n'chakuti woyambawo umadzera m'pempho. Mlendo ayenera kupita kwa wolandira alendo, kufotokoza vuto la thupi lake, kudikira kuti wosunga kiyi apezeke, kuyembekeza kuti batire lili ndi moto, kenako kuonerera antchito akukankha chitsulo pakati pa alendo ena amene asiya zawo n'kumayang'ana. Akafuna kusambiranso madzulo, ayambenso zonsezi. Mnzake wa m'chipinda choyandikana, amene walipira ndalama zofanana, amangotsika n'kulowa m'madzi osauza munthu. Anthu aulumali amene anakana mpando wa m'chipinda cha katundu ankakana kuti iwo okha azipempha chimene ena onse amachipeza chilipo kale.

Wina angafunse chifukwa chake anthu anakangana chotere pa nkhani ya kusambira. Yankho lake anthu a kunyanja amalidziwa ndi manja awo. Boti la matabwa limene amuna khumi amakhetsa nalo thukuta polikokera pamchenga, likangoyandama mwana amalikankha ndi dzanja limodzi. Madzi amakankhira m'mwamba chilichonse cholowamo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chinthucho chawasuntha. Thupi la munthu nalonso limapepuka motero. Woima m'madzi ofika m'chiuno, miyendo yake imasenza pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo madzi akafika m'khosi imasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwa wodwala nyamakazi, kwa amene sitiroko inamufooketsa mbali imodzi, kwa wovulala msana, m'madzi ndi momwe mwendo wokanika kumtunda ungathe kusuntha. N'chifukwa chake zipatala zambiri zophunzitsa odwala kuyendanso zimagwiritsa ntchito maiwe a madzi ofunda. Choncho munthu amene madzi angamuchitire zabwino koposa onse ndi yemweyo amene sangathe kutsika makwerero achitsulo a m'dziwe.

Franklin D. Roosevelt, amene anakhala pulezidenti wa America kuyambira 1933 mpaka 1945, anadwala mu 1921 ali ndi zaka 39. Madokotala ananena kuti ndi poliyo, ndipo kuyambira pamenepo sanayendenso payekha. Mu 1924 anapita ku Warm Springs m'chigawo cha Georgia, kumene kuli akasupe a madzi ofunda, ndipo kumeneko anapeza kuti m'madzi amatha kuima ndi kusuntha miyendo imene kumtunda inkafuna zitsulo zoichirikiza. Anagula malowo mu 1926 n'kuwasandutsa kothandizira odwala poliyo, ndipo n'kumene anamwalirira mu Epulo 1945. Munthuyu anali wachuma, wokhala ndi antchito ndi omulondera amene akanamunyamula nthawi iliyonse. Komabe zaka zonse za ndale zake anayesetsa kuti anthu asamuone akunyamulidwa, ndipo zithunzi zomuonetsa ali pa njinga ya olumala n'zowerengeka. Mbali ina chinali chifukwa cha mavoti, popeza ambiri pa nthawiyo ankaona ulumali ngati chizindikiro cha kufooka. Koma zikutionetsanso kuti ngakhale kwa munthu wosasowa manja omunyamula, kunyamulidwa pamaso pa gulu kunali chinthu cholemera mumtima.

Zifukwa za eni mahotela nazo ziyenera kumveka bwino, popeza sizinali zopanda pake. Ankati mpando umodzi umagulidwa madola zikwi zingapo, kuumangirira pansi kumafuna kuboola simenti ndi kuitana amisiri a magetsi, ana angamauseweretse n'kuvulala, ndipo pali mahotela amene amakhala nthawi yaitali osalandira mlendo woufuna. Nkhani ya ana ili ndi yankho lofanana ndi la dziwe lenilenilo, limene n'loopsa kwa mwana kuposa mpando: pamafunika oyang'anira. Chifukwa chotsirizacho ndi chimene chimamveka champhamvu, koma chimangozungulira pamodzimodzi. Munthu wa pa njinga sanyamula zovala zosambirira popita kumalo kumene akudziwa kuti sakalowa m'madzi. Mwini malo akaona kuti palibe wobwera, amati palibe woufuna mpando, pamene kusowa kwa mpandoko n'kumene kwabweza anthu asananyamuke kwawo. Kuwerenga anthu owoloka mtsinje wodzaza sikungatiuze kuchuluka kwa amene adzawoloke mlatho ukamangidwa.

Pa nkhani ya ndalama, lamulolo silinakakamize kahotela ka zipinda zochepa kutseka dziwe kapena kulowa m'ngongole. Pa maiwe omangidwa kale, udindo unayezedwa ndi mphamvu za mwini malo. Wokhoza achite tsopano, wosakhoza achite zimene angathe ndipo adzamalize zinthu zikadzamuyendera. Boma la dzikolo limachepetseranso msonkho, mpaka madola 5,000 pa chaka, mabizinesi ang'onoang'ono amene agwiritsa ntchito ndalama pokonza malo awo kuti anthu aulumali azifikako. Pa maiwe atsopano ndiye panalibe mpata wotere, chifukwa womanga chatsopano amadziwiratu chofunika. Muyezo umenewu ndi wabwino m'makhalidwe a anthu monga ulili m'malamulo. Wosauka sitimuimba mlandu chifukwa cholephera kugula chitsulo. Amene ayenera kudzifunsa ndi uja wapeza ndalama zokumbira dziwe, kuliyala matailosi ndi kulikongoletsa ndi magetsi, koma ndalamazo n'kumuthera ndendende pamene pafunika polowera mnzake.

Pali kutsutsa kwina kozama kuposa kwa ndalama, ndipo kumachokera m'makhalidwe athu enieni. Kwathu kuno munthu sasiyidwa yekha. Wodwala timamubereka kumsana kupita naye kumsewu, agogo timawagwira mkono potsika m'boti, ndipo timati mutu umodzi susenza denga. Munthu wokulira m'moyo wotere akamva za mpando woyendetsa wekha angathe kunena kuti chimenecho n'chipangizo cha dziko limene anthu ake alibe abale. Kumene kuli manja a anansi, batani n'lachiyani? Angawonjezere kuti kufuna kuchita chilichonse wekha ndi kunyada, kuti kulandira thandizo kumaphunzitsa kudzichepetsa, ndi kuti kuthandiza kumafewetsa mtima wa wothandizayo. Tikachotsa mipata yonyamulana, kodi sitidzasanduka anthu oyandikana nyumba koma osadziwana? Mawu amenewa ali ndi choonadi mkati mwake. Palibe munthu wodzidalira kotheratu. Aliyense ananyamulidwa ali khanda, ndipo adzanyamulidwanso tsiku la maliro ake.

Koma mawuwa kawirikawiri amayankhulidwa ndi onyamula. Tiyeni tiimve nkhaniyi kuchokera kwa wonyamulidwa. Kuti munthu wamkulu atsitsidwe m'dziwe ndi manja pamafunika anthu awiri, wina womugwira m'khwapa, wina m'miyendo. Pansi pamakhala ponyowa ndi poterera, ndipo potuluka thupi lonyowa limapulumuka m'manja. Onyamulawo nthawi zambiri sakhala abale, amakhala antchito amene apezeka pa nthawiyo. Mayi wodzilemekeza, amene moyo wake wonse wasunga thupi lake kuti lisakhudzidwe ndi mwamuna wachilendo, akuuzidwa kuti akafuna madzi alole amuna awiri osawadziwa amugwire. Bambo amene ana ake amamupatsa ulemu akulendewera m'manja mwa anyamata pamaso pa anawo. Ambiri akasinkhasinkha zimenezi amati: "Zikomo, ine ndikhala pamthunzi pano ndizikuonererani." Ife timaganiza kuti sakufuna kusambira, pamene iye wasankha kusunga ulemu wake, chifukwa tamuika poti madzi ndi ulemu sangazipeze pamodzi.

Chinanso n'chakuti kupempha kumatha ngati ufa m'thumba. Munthu wodalira manja a ena amapempha kuyambira m'mawa. Amapempha kudzutsidwa, kuperekezedwa kuchimbudzi, kutungiridwa madzi, kukwezedwa pa kabaza popita kuchipatala. Amaona kutopa pankhope za amene amamukonda, ndipo amayamba kusunga mapempho ake monga mayi amasungira ndiwo za mawa. Zofunika pa moyo sangazisiye. Choyamba kusiyidwa ndi chimene chilibe ntchito ina koma kukondweretsa mtima, monga kukacheza, kukaona ukwati, kapena kulowa m'madzi tsiku lotentha la mu Okutobala. Palibe amene wamukaniza, ndipo a pabanja angalumbire moona mtima kuti akanapempha akanamunyamula. Umu ndi mmene chisangalalo chimachokera m'moyo wa munthu popanda wolakwa wooneka. Mpando wokhala pambali pa dziwe umachotsa kusambira pakati pa zinthu zopempha n'kukubwezera pakati pa zinthu zimene munthu amangochita chifukwa wafuna.

Wonyamula nayenso ndi munthu wokhala ndi thupi lotopa. Kawirikawiri amakhala mayi, mkazi kapena mwana wamkazi, ndipo mwana amene mayi ankamubereka ali ndi zaka zisanu amafika zaka 20 msana wa mayiyo ukukalamba. Kunyamula munthu wamkulu mobwerezabwereza ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zimene zimavulaza msana wa anamwino ndi osamalira odwala, n'chifukwa chake zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito makina onyamulira odwala. Chikondi cha pabanja sichichepa chifukwa chitsulo chasenza kulemera. Mkazi amene sanathere mphamvu zake potsitsa mwamuna wake m'madzi angathe kulowa naye limodzi n'kumaseka naye. Mjigo utabwera m'midzi sunathetse ubale wa amayi amene kale ankapitira limodzi kudambo. Amakumanabe pamjigopo, amatwikanabe ndowa, kungoti mtunda wachepa ndipo nthawi yocheza yachuluka.

Apa ndi pamene chifundo ndi chilungamo zimasiyanira. Chifundo chimadalira mmene zilili kwa wopereka pa tsikulo. Lero alipo, mawa watanganidwa, mkuja wasamuka. Wolandira chifundo amayenera kuthokoza, ndipo wothokoza tsiku lililonse pa chinthu chimene ena amachipeza osathokoza amayamba kudziona ngati mlendo kwawo komwe. Komanso tisaiwale kumene vutolo lachokera. Dziwe silimera ngati mtengo. Pali munthu amene analijambula papepala n'kusankha kuti polowera pakhale makwerero okha. Kufooka kwa miyendo n'kwa thupi, koma kutsekeredwa kunja kwachokera m'mapulani a womanga. Amene wamanga motero, kenako n'kutumiza antchito kukanyamula mlendo, akubweza pang'ono pa ngongole imene anaipanga yekha, ndipo si bwino kuti aziyembekezera kutamandidwa ngati wapereka mphatso. Chilungamo chimachitika kale, pa tsiku lojambula mapulani, pamene wodzathandizidwayo sakudziwika dzina ndipo sadzathokoza aliyense. Mwina n'chifukwa chake chimativuta kuposa chifundo.

Chilungamo chotere sichitheranso pa tsiku logula. Mpando wophimbidwa ndi lona, wochita dzimbiri, wokhala ndi batire lakufa, ndi wofanana ndi mpando umene kulibe, ndipo mwina umapweteka koposa chifukwa munthu wabwera ataukhulupirira. N'chifukwa chake malamulo a ku America amafuna kuti zipangizo zoterezi zizisamalidwa kuti zizigwira ntchito. Kuika batire pa moto usiku uliwonse ndi kuyesa mpando m'mawa uliwonse ndi ntchito yopanda woiona, yochitira mlendo amene mwina lero sabwera. Wantchito amene amaichita mokhulupirika amalemekeza munthu amene sanakumanepo naye, ndipo ulemu wake ndi weniweni ngati wa uja amene wanyamula wodwala kumsana.

Owerenga ena afika pano akudzifunsa ngati nkhaniyi si ya okhuta. M'dziko limene anthu ambiri ofuna njinga ya olumala alibe, ndipo ana ena sapita kusukulu chifukwa cha masitepe a kalasi ndi zimbudzi zopanikiza, mpando wa padziwe suli patsogolo, ndipo palibe wanzeru amene angauike patsogolo. Komabe mayiko atagwirizana za ufulu wa anthu aulumali m'pangano la United Nations la mu Disembala 2006, sanalekere pa chipatala, sukulu ndi ntchito. Ndime 30 ya panganolo imanena za ufulu wotenga nawo mbali pa zachikhalidwe, masewera, kupuma ndi zosangalatsa, kuphatikizapo kufika kumalo okopa alendo. Dziko la Malawi linavomereza panganoli mu 2009, linakhazikitsa lamulo lokhudza anthu aulumali mu 2012, ndi lina lolowa m'malo mwake mu 2024. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kupatsa anthu ochuluka chotere zongowasunga ndi moyo, n'kuwamana zowasangalatsa, ndiko kuwaona ngati katundu wosamalidwa. Munthu amadziwa kuti timamuwerengera ngati mnzathu pamene tamukonzera malo pa phwando monga tinamukonzera pa mzere wa kuchipatala.

Mfundo imeneyi ili ndi pogwira pafupi. M'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kuli malo ogona alendo amene ali ndi maiwe, ndipo ena akumangidwabe. Ena mwa eni ake, amisiri ndi ojambula mapulani ndi ana a m'makomo mwathu. Kwa iwo njira yachiwiri ija, ya chitsetse cholowa m'madzi chokhala ndi zitsulo zogwirira m'mbali, ingakhale yoyenera kuposa mpando wamakina. Chitsetse sichifuna batire, sichidikira zipangizo zochokera kunja, ndipo magetsi akazima chimagwirabe ntchito. Chikaganiziridwa simenti isanathiridwe chimangolowa m'mapulani, koma chikakumbukiridwa pambuyo pake chimafuna kugumula. Nyanja yeniyeniyo ili kale ndi chitsetse chake, kungoti mchenga umamiza matayala a njinga. Msodzi amene wakhala pamadzi moyo wake wonse, sitiroko ikamugwira, amakhala pakhonde n'kumamva mafunde amene sangawafikenso. M'magombe ena a kunja amayala mikeka yolimba pamchenga kufika m'mphepete mwa madzi. Kanjira ka matabwa pa doko limodzi la m'mudzi si ntchito yowakanika anthu amene amakhoma maboti.

Funso lomweli tingalitengere kulikonse kumene munthu amafuna madzi: sitepe ya pakhomo la bafa, khomo lopapatiza la chimbudzi, simenti yokwera yozungulira mjigo, malo opangira wudhu amene alibe pokhala kapena pogwira. Pa malo alionsewa pali wina amene amafika pokhapokha atapempha, ndipo pali wina amene analeka kubwera. Njira yodziwira chofunika si yovuta. Mwini vuto ndiye amadziwa pamene tayala limakanirira ndi pamene dzanja limasowa chogwira. Womanga amene amufunsa asanayambe ntchito amapewa cholakwa chofala chomanga chitsetse choima kwambiri moti wa pa njinga sangachikwere yekha. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, chitsetse chitalike masentimita osachepera 12.

Izi sizikutanthauza kuti lidzafika tsiku limene manja a anthu sadzafunikanso. Pali ena amene ngakhale mpando utakhalapo sangathe kusamukirapo okha, ndipo ulemu wawo suchepa ngakhale pang'ono chifukwa cha zimenezo. Kutha kudziyendera si muyezo wa umunthu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chimene chipangizo chabwino chimabwezera kwa munthu ndi mphamvu yosankha nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi munthu woti amukhudze. Wina adzasankhabe kugwiridwa mkono ndi mwana wake chifukwa kumamukomera, ndipo kugwirana kumeneko kudzakoma koposa popeza onse awiri akudziwa kuti palibe chowakakamiza.

Tsono kodi wonyamulidwa walandiridwa? Walandiridwa ndi anthu amene amunyamula, ndipo anthuwo ayenera kuyamikiridwa. Koma malowo sanamulandire, chifukwa tsiku limene anthuwo palibe iye amatsala kunja. Kulandira kwathunthu kumafuna mtima wa anthu pamodzi ndi mamangidwe a malo. Ndipo ife amene lero timatsika m'madzi ndi miyendo yathu tizikumbukira kuti ngozi ya pamsewu, matenda a shuga kapena ukalamba wokha zingatisamutsire mbali inayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamene m'banja, m'mudzi kapena pa bizinesi pakukambidwa zomanga, pakhale munthu mmodzi wofunsa mapulani asanavomerezedwe: kodi agogo, kapena mwana wa pa njinga uja, adzalowa bwanji pano tsiku limene palibe wowanyamula?